Akamati "Uyu Alibe Chisoni" M'khothi, Amakhala Ataona Chiyani?

Kanema wa munthu woganiziridwa mlandu wakupha akangotulukira pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Joni, mlandu umatha usanayambe n'komwe. Munthuyo akamwetulira pang'ono, timati taonani satana ameneyu. Akangoti duu, maso kutsogolo, timati mtima wake ndi wamwala. Akazolika, timati chikumbumtima chikumudya, ndiye kuti anaphadi. Masiku ano pabweranso dzina lina lomwe achinyamata amalitchula ngati madokotala: psychopath.

Ife zathu zimathera pa foni. Koma alipo mayiko komwe anthu wamba ngati ife tomwe, ogulitsa m'sitolo, aphunzitsi, oyendetsa mabasi, amaitanidwa kukakhala pa jury n'kugamula ngati munthu wapalamula, mwinanso ngati aphedwe kapena ayi. Kumeneko akatswiri a zamaganizo akhala akufufuza kwa zaka zoposa 20 kuti dzina limeneli likalowa m'khothi limawatani anthu oweruzawo. Zimene anapeza zikutikhudza ngakhale kuti South Africa ilibe jury, ndipo pakati pake pali chinthu china chimene Mmalawi aliyense amene m'bale wake ali pa rimandi ku ndende ya ku Joni yotchedwa Sun City ayenera kuchidziwa.

Choyamba, psychopath si wamisala. Wamisala weniweni, amene amamva mawu a anthu osaoneka kapena kukhulupirira kuti akumulondola pomwe palibe, amakhala atasiyana ndi dziko lenileni. Psychopath amadziwa bwinobwino zimene akuchita, amadziwanso kuti n'zoletsedwa, kungoti sizimukhudza. Dokotala wa ku America, Hervey Cleckley, ndiye anafotokoza bwino anthu oterewa m'buku lake la 1941, The Mask of Sanity: anthu okoma m'kamwa, ooneka anzeru ndi odekha, koma onama mosaphethira, osamva manyazi, osaphunzirapo kanthu akalangidwa. Pambuyo pake katswiri wa ku Canada, Robert Hare, atagwira ntchito ndi akaidi, anakonza muyeso wotchedwa PCL-R womwe unatuluka mu 1991 n'kukonzedwanso mu 2003. Umenewu ndiwo umamveka kwambiri m'makhothi.

Kayezedwe kake n'kotere. Pali mfundo 20. Woyeza amacheza ndi mkaidi kwa nthawi yaitali, amawerenga mafayilo ake, a kusukulu, a kupolisi, a kundende, kenako pa mfundo iliyonse amalemba 0 ngati khalidwelo palibe, 1 ngati lilipo pang'ono, 2 ngati likuonekeratu. Zonse pamodzi sizipitirira 40. Ku America ndi ku Canada amakonda kunena kuti wafika pa 30 ndi psychopath; ku Britain ena amayambira pa 25. Mfundozo zina n'za mumtima ndi kakhalidwe ndi anthu: kudzimva, bodza, kupusitsa anzake, kusamva chisoni, kukana kuti walakwa. Zina n'za mmene moyo wake wayendera: kuchita zinthu mopupuluma, kudyera anzake masuku pamutu, kusakhala ndi mapulani enieni a m'tsogolo, maukwati ambiri osakhalitsa, kupalamula kuyambira ali mwana, kuphwanya malamulo a belo kapena parole.

Anthu oterewa alipodi, tisanamizane. Akatswiri amayerekeza kuti pa anthu 100 alionse pamakhala mmodzi, ndipo m'ndende amachulukirapo kwambiri. Koma ambiri mwa iwo si akupha. Ndikamawerenga mfundo za Hare, amene amandibwerera m'mutu ndi mkulu uja amatolera ndalama za anthu khumi ponena kuti awakonzera mapepala, n'kuzimitsa foni, mwezi wamawa n'kukapezeka ku tchalitchi china akutsogolera pemphero. Komabe anthu ambiri akamva dzinali amaganiza za wopha anthu motsatizana. Mu 2014 Shannon Smith, John Edens ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu mazana angapo omwe anaitanidwa kudzakhala pa jury ku Texas. Atawauza kuti atchule chitsanzo cha psychopath, mayina omwe ankabwerabwera anali a Ted Bundy, Jeffrey Dahmer ndi Charles Manson. Ambiri ankaonanso psychopath ngati munthu wanzeru kwambiri, wochenjera, woipa kuchokera m'mafupa, ndipo ena ankasakaniza ndi misala. Kuno funso lomwelo likanatulutsa dzina la Moses Sithole, yemwe anapha amayi ku Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland, n'kupezeka wolakwa mu 1997 pa milandu 38 yakupha. Ndiye taganizani: katswiri waimirira m'khothi n'kunena kuti wozengedwa mlanduyu ndi psychopath. Iye akutanthauza manambala a pa pepala. Omvera akuona Sithole.

Chifukwa chake kafukufukuyu anachulukira ku Texas

Ku Texas, jury isanapereke chilango cha imfa imayenera kuyankha funso lakuti kodi munthuyu akhoza kudzachitanso zachiwawa m'tsogolo. Funso limeneli linatsegulira khomo madokotala olosera. Wotchuka kwambiri anali James Grigson wa ku Dallas, yemwe anachitira umboni milandu yoposa 100 ya chilango cha imfa mpaka kupatsidwa dzina loti Dr Death. Ankauza jury kuti wozengedwayo ndi sociopath (dzina lina lofanana ndi psychopath) wosachiritsika ndipo adzaphanso mosakayika konse, nthawi zina asanakumane naye n'komwe munthuyo. Pa mlandu wa Barefoot v. Estelle mu 1983, bungwe la madokotala a zamaganizo ku America linauza khothi lalikulu kuti maulosi otere amalakwika kawiri pa katatu kalikonse. Khothilo linalolabe umboniwo, ponena kuti maloya a mbali inayo akhoza kuutsutsa ndipo jury idzasankha yokha. Grigson anachotsedwa m'bungwe lija mu 1995.

Mlandu umodzi wa Grigson ndi wofunika kuusunga m'mutu. Randall Dale Adams anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1977 pa imfa ya wapolisi ku Dallas. Grigson anacheza naye kanthawi kochepa n'kuuza jury kuti munthuyu ndi woopsa, sakuonetsa chisoni chilichonse. Adams ankangoti sanaphe munthu. Mu 1989 anatulutsidwa zitadziwika kuti mlanduwo unayenda mwachinyengo, ndipo mnyamata yemwe anali mboni yaikulu yomuneneza ndiye anali woyenera kufunsidwa. Munthu wosalakwa akanamva chisoni cha chiyani?

Kuchokera pamenepa ofufuza anafuna kuyeza nkhaniyi mwadongosolo. Popeza sungalowe m'chipinda cha jury yeniyeni n'kumasinthasintha umboni, amapanga jury yoyerekezera. Amasonkhanitsa anthu, kawirikawiri ophunzira a ku yunivesite kapena anthu omwe aitanidwa ku khothi akudikira kusankhidwa, n'kuwagawa m'magulu. Onse amawerenga mlandu umodzimodzi: wakuba yemweyo, mfuti yomweyo, wophedwa yemweyo. Chosiyana ndi ndime imodzi yokha, pomwe katswiri akufotokoza za wozengedwayo. Gulu lina limamva kuti ndi psychopath, lina kuti ali ndi matenda a misala, lina kuti alibe vuto lililonse la maganizo. Kenako aliyense amafunsidwa: aphedwe kapena akhale m'ndende moyo wake wonse? Ndi woopsa bwanji? Angasinthe?

John Edens, yemwe tsopano ali ku Texas A&M University, ndi anzake anachita zimenezi n'kufalitsa mu 2005. Pa gulu lomwe linamva kuti ndi psychopath, anthu 60 pa 100 alionse anasankha imfa. Pa gulu lomwe linamva kuti alibe vuto, anali 38. Pa gulu la misala, 30. Mlandu womwewo. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali atapezanso kuti ngakhale wozengedwayo akhale mnyamata wosakwana zaka 18, kungomufotokoza kuti ndi wouma mtima ndi wosalapa kumachititsa anthu ambiri kuvomereza kuti aphedwe, n'kusiya kukhulupirira kuti angathandizidwe.

Zikanathera pamenepa bwenzi nkhani ili yosavuta: letsani dzinalo m'khothi, basi. Koma ofufuza ena atabwereza, zotsatira sizinafanane nthawi zonse. Kwina dzinalo linkasintha chigamulo, kwina ayi. Mu 2019 Colleen Berryessa ndi Barclay Wohlstetter anaphatikiza kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu n'kupeza kuti dzina loti psychopath limamuipitsiradi munthu tikayerekeza ndi amene sanapatsidwe dzina lililonse, koma silisiyana kwenikweni ndi mayina ena a mavuto a maganizo ndi khalidwe. Mphamvu yake ilipo, koma si yaikulu monga ankaopera poyamba.

Chachikulu chinali pena. Edens ndi anzake anayamba kufunsa oweruza oyerekezerawo funso lina: inuyo panokha, munthuyu mukumuona bwanji? Ndi wodzimva? Ndi wonyenga? Ali ndi chisoni? Apa ndiye panatuluka chinthu chomwe chinkabwerezeka kafukufuku ndi kafukufuku. Amene ankamuona wozengedwayo ngati wouma mtima ndi wosalapa ndiwo ankasankha imfa, kaya katswiri watchula dzina lija kaya sanalitchule. Mu 2019 momwemo Shannon Kelley, Edens ndi anzawo anaphatikiza zofufuza zingapo n'kutsimikiza kuti munthu akaonedwa ngati psychopath amaonedwanso ngati woopsa, woipa, woyenera chilango chokhwima. Ndipo mwa makhalidwe onse aja, omwe amalemera kwambiri m'maso mwa oweruza si mbiri ya milandu kapena kupupuluma, koma a mumtima, makamaka kusamva chisoni. Izi zikugwirizana ndi zomwe ofufuza a Capital Jury Project anamva atacheza ndi anthu omwe anakhalapo pa jury zenizeni za milandu ya imfa ku America. Ambiri ankakumbukira mmene wozengedwayo ankakhalira m'khothi, kuti ankaoneka wotopa nazo, kuti sanagwetse msozi, ndipo zimenezo zinawathandiza kugamula.

Kunena kwina, oweruza sadikira dokotala. Amayeza okha, ndi maso.

Tsono maso amenewa ndi odalirika bwanji? Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zofufuza zambirimbiri za kuzindikira bodza, n'kufalitsa mu 2006 kuti anthu amalondola pafupifupi ka 54 pa 100. Woponya ndalama m'mwamba amalondola ka 50. Pa za chisoni, palibe umboni wolimba woti munthu angachiwerenge pankhope ya mlendo yemwe wakhala chete m'kabokosi. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo apa sayansi yangowavomereza.

Chondizunguza mutu kwambiri ndi chomwe Stephen Porter ndi anzake anapeza ku Canada mu 2009 atayang'ana mafayilo a akaidi aamuna pafupifupi 300. Akaidi omwe anakwera pa muyeso wa Hare anali ndi mwayi woposa kawiri wotulutsidwa msanga pa parole poyerekeza ndi anzawo, chonsecho akatuluka ankalephera kusunga malamulo msanga kuposa anzawowo. Chifukwa chake sichovuta kuchiganiza. Psychopath weniweni amadziwa zimene komiti ya parole ikufuna kumva. Amalira pofunika kulira, amatchula Mulungu pofunika kutchula, amayang'ana m'maso. Amene amakanika kulankhula, lilime litauma ndi mantha, nthawi zambiri ndi munthu wamba.

Kuno kulibe jury, koma maso alipo

South Africa inathetsa jury mu 1969. Inali itayamba kale kuchepa ntchito, ndipo pa nthawi ya tsankho okhala pa jury anali azungu okhaokha, zomwe zinkabweretsa zigamulo zokondera pa milandu ya anthu akuda. Lero ku High Court ya pa Pritchard Street amaweruza ndi jaji, nthawi zina pamodzi ndi ma assessor, anthu omuthandiza kuunika umboni. Ambiri tinaziona pa mlandu wa Oscar Pistorius ku Pretoria mu 2014, pomwe Jaji Thokozile Masipa anakhala ndi awiri. Pa zoti chinachitika n'chiyani ma assessor ali ndi voti. Pa zamalamulo ndi chilango, jaji amagamula yekha. Ku regional court nako majisitireti akhoza kukhala ndi ma assessor. Chilango cha imfa chinathetsedwa ndi Constitutional Court mu 1995 pa mlandu wa Makwanyane.

Wina anganene kuti basi, jaji ndi wophunzira, satengeka ngati munthu wamba. Pang'ono n'zoona. Jaji amalemba zifukwa za chigamulo chake ndipo apilo ikhoza kuzigwetsa, pomwe jury sifotokozera munthu. Koma majaji nawo anayesedwa. Mu 2012 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa Lisa Aspinwall, Teneille Brown ndi James Tabery pa majaji 181 a ku America. Onse anawerenga za wakuba yemwe anavulaza koopsa woyang'anira malo odyera, ndipo onse anauzidwa kuti ndi psychopath. Ena anamvanso katswiri akufotokoza kuti vutoli limachokera ku chibadwa ndi kapangidwe ka ubongo. Amene sanamve za ubongo anapereka pafupifupi zaka 14, amene anamva pafupifupi zaka 13. Kufotokoza za ubongo kunachepetsako chaka chimodzi. Koma majajiwo ananena kuti mlandu wotere nthawi zonse amaperekera zaka pafupifupi 9. Dzina lija linali litakwera kale pa sikelo.

Malamulo a kuno ali ndi mbiri yawoyawo ndi psychopathy. Lamulo la zamaganizo la 1973 linkaiwerengera m'gulu la matenda oti munthu angatsekeredwe nawo, ndipo akaidi otere ankasungidwa padera ku ndende ya Zonderwater kufupi ndi Cullinan kuti athandizidwe. Zotsatira zake sizinakhutiritse, ndipo pambuyo pa kafukufuku wa Booysen Commission njirayo inasiyidwa. M'malo mwake mu 1993 munalowa gawo 286A m'lamulo la kazengedwe ka milandu, lolola khothi kulengeza kuti munthu ndi chigawenga choopsa. Wolengezedwa chotero amapita kundende popanda tsiku lotulukira. Khothi limangotchula nthawi yoti adzabwerenso kudzaunikidwa. Lisanatero limamva kaye lipoti la madokotala a zamaganizo. Palinso magawo 77 mpaka 79, omwe amatumizira munthu ku chipatala ngati Sterkfontein ku Krugersdorp kapena Weskoppies ku Pretoria kwa masiku osapitirira 30 pa ulendo umodzi, kuti akaone ngati angatsatire mlandu wake komanso ngati ankadziwa chimene ankachita. Achibale ena amasangalala akamva kuti m'bale wawo akupita "kokayezedwa mutu", poganiza kuti ndi njira yotulukira. Lipoti likabwera loti alibe misala koma ali ndi khalidwe losalabadira anzake, silimuchotsera mlandu. Likhoza kumuwonjezera zaka.

Koma pomwe kafukufuku uja akugunda kwenikweni ndi pa nkhani ya kulapa. Malinga ndi lamulo la 1997, milandu ikuluikulu ili ndi zilango zoikiratu, mpaka moyo wonse m'ndende, ndipo khothi limatsika pokhapokha pali zifukwa zamphamvu. Kulapa ndi chimodzi mwa zomwe maloya amadalira. Pa mlandu wa Matyityi mu 2010, Supreme Court of Appeal, kudzera mwa Jaji Ponnan, inasiyanitsa kudandaula ndi kulapa. Ambiri amadandaula chifukwa agwidwa. Kulapa ndi kuwawidwa mumtima chifukwa cha zomwe wachitira mnzako. Khothilo linati kuti likhulupirire, liyenera kudziwa chimene chinamuchititsa munthuyo, chimene chamusintha mtima, ndiponso ngati akumvetsadi kukula kwa zomwe anachita, ndipo liyang'ane zochita zake osati mawu a m'khothi okha. Kuvomera mlandu pomwe umboni uli kale mbee sikuwerengedwa ngati kulapa.

Ndi chigamulo chanzeru, chifukwa chikuchotsa maso pankhope n'kuwaika pa zochita. Komabe chimafuna munthu wotha kudzifotokoza, wotsegula za mumtima mwake pamaso pa alendo. Apa ndi pomwe ife timagwera.

Ndinakhalapo pa mlandu wina m'khothi lina kuno, wa bambo wa kwathu yemwe anabaya mnzake wogona naye chipinda chimodzi pokangana za ngongole. Wobayidwayo anapulumuka. Tsiku lopereka chilango bamboyo anaimirira manja kumbuyo, mutu pansi, monga amaimira munthu pabwalo la mfumu. Majisitireti anamufunsa, kudzera mwa womasulira, ngati ali ndi chonena kwa yemwe anamuvulaza. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bwana, satana anandilowa. Zinangochitika." Womasulira anapereka momwemo. Woimira boma anadzuka n'kunena kuti taonani, mpaka lero akukankhira mlandu kwa satana, ndipo chiyambire sanamuyang'anepo mnzakeyo ngakhale kamodzi. Kumbuyo kwanga mlongo wake wa bamboyo ananong'ona kuti, "Achimwene, tangolirani." Sanalire. Pomwe ankafunsidwa kachiwiri anachita kamwetulira kamanyazi kaja timachita tikasowa pogwira.

Aliyense wokulira kwathu akanawerenga zina. Kuzolika pamaso pa wamkulu ndi ulemu. Kumuyang'anitsitsa ndiye mwano. Mwamuna salira pagulu. Kunena kuti satana anandilowa, m'makutu mwathu, ndi kuvomera kuti chimene ndachita n'choipa kwambiri moti sindikudzizindikira. Ndipo kupepesa kwenikweni kwathu sikuchitika ndi pakamwa pa wolakwayo: amapita ndi amalume, kapena akuluakulu a mpingo, atanyamula kenakake, n'kukagwada kubanja la wolakwiridwa. Pa mlandu umenewu zinali zitachitikadi. Abale kumudzi anali atapita, ndipo anzake kuno anasonkha ndalama za kuchipatala. Loya sanazitchule chifukwa palibe anamuuza, ndipo palibe anamuuza chifukwa palibe ankadziwa kuti khothi lingaziwerengere. Chonsecho zimenezo ndizo zochita zomwe chigamulo cha Matyityi chikufuna.

Sindikunena kuti bamboyo anali wosalakwa. Anabaya munthu, ndipo wobayidwayo ali ndi chipsera mpaka lero. Sindikudziwanso za mumtima mwake kuposa mmene ankadziwira woimira boma uja. Nkhani ndi yoti tonse awiri tinkawerenga nkhope, aliyense ndi zilembo za kwawo.

Nanga akatswiriwo?

Tingaganize kuti pepala la manambala likhoza kutipulumutsa ku maso onyenga. Nalonso lili ndi ming'alu. Daniel Murrie ndi Marcus Boccaccini anaona kuti pa milandu ya ku Texas, katswiri wolembedwa ndi boma ankapereka manambala okwera pa PCL-R kuposa katswiri wa wozengedwa, pa munthu mmodzi yemweyo. Pofuna kutsimikiza, analemba ganyu akatswiri 108, n'kuwapatsa mafayilo ofanana, koma ena anawauza kuti akugwirira ntchito boma, ena kuti akugwirira wozengedwa. Zotsatira zinatuluka mu 2013: odziyesa a boma anakweza manambala, odziyesa a wozengedwa anatsitsa. Sikuti ankanama dala. Mfundo ngati "chisoni chosazama" imasiya mpata waukulu woti woyeza aone chimene akuyembekezera. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David DeMatteo linalemba poyera kuti PCL-R isagwiritsidwe ntchito pa milandu ya imfa polosera ngati munthu adzachite chiwawa choopsa m'ndende, chifukwa pa funso limenelo siilondola mokwanira. Ena anawatsutsa, ndipo mkanganowo sunathe. Chomwe ambiri amavomereza n'chakuti muyesowu umathandizako kulosera za kupalamulanso pa gulu la anthu, makamaka ukayezedwa mofatsa ndi munthu wosakhala mbali iliyonse. Kulosera za munthu mmodzi ndi nkhani ina.

Tsono muyesowu unakulira pa akaidi a ku Canada ndi America. Tautengereni kwa mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba yemwe ali ku Rosettenville kuno ku Joni. Mafayilo a kusukulu ndi a ubwana wake kuno kulibe, ndiye woyeza atsamira pa kucheza kokha, kodzeranso mwa womasulira. Ntchito amasinthasintha chifukwa ndi maganyu. Amagona kwa msuweni wake osalipira lendi miyezi ina. Mapulani a zaka zisanu alibe, poti pepala lake likutha mwezi wamawa ndipo Lindela, komwe amasungako anthu oti abwezedwe kwawo, ili pafupi. Mkazi ali kumudzi, wina ali kuno. Anathawapo tsiku la khothi poopa kufunsidwa pasipoti. Woyeza wosamala adziwa kuti uwu ndi moyo wa utchona. Wothamanga akhoza kulemba 1 apa, 2 apo, manambala n'kumakwera. Uku ndi kuganiza kwanga, koma ndi funso lomwe loya aliyense ali ndi ufulu wofunsa katswiri pamaso pa khothi.

Kafukufuku wa jury uja naye tisamumeze wathunthu. Wambiri ndi wa ku America, wa anthu owerenga tsamba limodzi kapena awiri, osaona munthu weniweni, osakambirana ngati jury yeniyeni, podziwanso kuti palibe afe ndi yankho lawo. Amatisonyeza komwe mtima wa munthu umapendekera, osati kuchuluka kwa zaka zomwe majisitireti wa ku Palm Ridge apereke Lolemba.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Milandu yakupha ku High Court inkazengedwa ndi jury mpaka boma linaimitsa njirayo, milandu itaunjikana. Ndipo mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khothi linagamula kuti si bwino aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingopatsidwa imfa osamva za moyo wake. Akaidi omwe anali pa mzere wa imfa ku Zomba atayamba kumvedwanso mu 2015, ofufuza anapita m'midzi kukafunsa mafumu, achibale ngakhale abale a ophedwa, ndipo ena mwa akaidiwo anayezedwa za maganizo. Ambiri anatulutsidwa kapena kuchepetseredwa zaka. Anthu omwe pa fayilo ankangooneka ngati akupha anapezeka kuti ena anali odwala, ena anali ana pa nthawiyo, ena anali ndi mudzi wonse wokonzeka kuwalandira.

Kwa amene m'bale wake akudikira chilango kuno, zogwirika ndi izi. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense wozengedwa, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ufulu womva mlandu wake m'chilankhulo chomwe amachidziwa. Ngati womasulira akulankhula Chichewa chophunzirira m'misewu, wozengedwayo anene pomwepo, zilembedwe. Loya wa Legal Aid amakhala ndi mafayilo ambiri, ndipo sangalote kuti amalume anapita kukapepesa, kuti mpingo unasonkha za kuchipatala kapena za maliro, kuti munthuyu anadzipereka yekha kupolisi. Mumuuze, mum'patse malisiti a Mukuru ndi manambala a anthu oti angachitire umboni. Wolemba lipoti la chilango akabwera kudzafunsa, wachibale wodziwa Chingerezi akhalepo n'kufotokoza kuti kuzolika kwa munthuyu n'kotani. Ndipo lipoti la katswiri likatchula psychopathy kapena manambala a PCL-R, loya afunse kuti anacheza naye maola angati, m'chilankhulo chanji, anawerenga mafayilo ati a kumbuyo kwake, ndipo manambalawo akuwayerekeza ndi akaidi a dziko liti.